DZINA LA NTHENDA SI DZINA LA MUNTHU

Mwezi uno tifuna kucheza nanu za mlandu umene uweruzidwa tsiku ndi tsiku m'midzi mwathu, popanda mfumu, popanda nkhoswe, ndiponso popanda kumfunsa mwini wake. Uweruzidwa pachitsime, pamtondo, kuchigayo, pabwalo la bawo, ndipo nthawi zina pakhomo penipeni pa nyumba ya Mulungu, anthu ali kutuluka m'mapemphero. Oimbidwa mlanduwo ali a magulu awiri. Oyamba ndiwo amene a chipatala anawapeza ndi nthenda ya maganizo; achiwiri ndiwo amene thupi lawo lakula kapena lachepa koposa la anzawo. Funso lathu ndi ili: kodi Mkhristu aloledwa kuyesa mbale wake ndi dzina la nthenda yake, kapena ndi kukula kwa thupi lake?

Ena adzati nkhani iyi njochepa, ndi nthabwala chabe. Koma nthabwala zimenezi zabweza anthu panjira ya kuchipatala, zatayitsa mankhwala kudzala, zapasula maukwati, ndipo zasiya malo ena m'nyumba ya mapemphero opanda wokhalapo. Chifukwa chake tiyeni tiiganizire mofatsa.

I. Za kulemera kwa dzina

Makolo athu anadziwa kuti dzina ndi chinthu cholemera. Pofuna kulemekeza munthu anamtchula ndi mfunda wake, nati a Phiri, a Banda, Nabanda, Nangondo. Mnyamata kapena namwali akalandira dzina la ukulu, kumuitananso ndi dzina la ubwana kunali chipongwe chachikulu. Ndipo ife Akhristu tikumbukira tsiku lija mbusa anatchula dzina lathu pamaso pa mpingo, natithira madzi a ubatizo.

Tsono taonani chimene tichita. Munthu akadwala malungo, palibe amtcha Malungo. Wina akathyoka mwendo, timnyamula kunka naye kuchipatala, ndipo akachira tiiwala kuti anathyoka. Koma munthu akadwala maganizo kamodzi kokha, dzina lake limezedwa. Sakhalanso a Mwale kapena Nachisale. Asanduka wamisala uja, wopenga uja, wa ku Zomba uja. Zipita zaka 10 ali bwinobwino, alima, agulitsa fodya wake, alipirira ana kusukulu, koma dzina lija silimchoka. Ngakhale ana ake atchedwa ana a wamisala. Akanena mawu pamsonkhano wa mudzi, anthu atsinzinirana maso. Akakwiya monga akwiyira munthu aliyense, ati zayambanso.

Momwemonso ndi thupi. Mwana wonenepa atchedwa mvuu kapena njovu, woonda atchedwa udzudzu. Ndipo akulu, m'malo moletsa, aseka nawo. Mwanayo asekanso, pakuti achitenji? Koma usiku alira yekha pamphasa.

II. Chifukwa chake dokotala atchula nthenda

Mlimi wanzeru akaona chimanga chiri kufota sangoti munda waipa. Afukula, nayang'ana, nati uyu ndi kapuchi, kapena ichi ndi chiswe, kapena uyu ndi kaufiti. Pakuti chirichonse chiri ndi kagonjetsedwe kake. Atchula dzina la chowonongacho kuti apulumutse mundawo. Ndipo palibe mlimi amene, atapeza kaufiti, aleka kuutcha munda wake munda.

Chomwecho achita dokotala. Mawu akuti misala ali ngati dengu lalikulu m'mene ife tiponyamo zinthu zambiri zosiyana. Muli nthenda ya kuvutika maganizo, imene ichotsa tulo, chilakolako cha chakudya ndi chikondwerero chonse, kufikira munthu aona ngati moyo ulibe phindu. Muli nthenda ya nkhawa yosatha. Muli ina yotchedwa schizophrenia, imene imvetsa munthu mawu amene ena sawamva, nimuopsa ndi adani amene kulibe. Muli ina imene ikweza munthu masabata angapo, osagona, kulankhula kosaleka, kenaka nimgwetsa m'chisoni chakuya. Muli chisokonezo chimene chigwera amayi ena masiku ochepa atabereka. Muli kuiwala kwa ukalamba, kumene kwachititsa agogo ambiri osalakwa kutchedwa mfiti. Ngakhale malungo akakwera kumutu abwebwetetsa munthu. Ndipo khunyu, limene ambiri aliponya m'dengu lomweli, si misala konse. Silipatsirana ndi malovu kapena ndi kukhudza, kotero kuti woopa kuwonjola wakhunyu pamoto amsiya apse popanda chifukwa.

Nthenda izi si za anthu owerengeka ayi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, linawerenga kuti m'chaka cha 2019 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse pa dziko lapansi anali ndi nthenda ina ya maganizo, ndiwo anthu okwana ngati 970 miliyoni. Ngati mpingo wanu uli ndi anthu 80, lingalirani nokha kuti nkhani iyi iri kutali kapena pafupi.

Ubongo ndi chiwalo cha thupi, monga chiwindi ndi mapapo. Ndipo monga izo zidwala, uwonso udwala. Dokotala akatchula dzina la nthenda, ali kupereka mfungulo yotsegulira thandizo. Ife titenga mfungulo yomweyo ndi kutsekera nayo mbale wathu kunja. Tchimo lathu lagona pamenepa: chimene chinapatsidwa kuti chichiritse tachisandutsa chitonzo.

III. Thupi si mboni

Tibwere tsopano ku thupi. Tiliwerenga monga kalata, ndipo tiyesa kuti tadziwa zonse za mwini wake. Mwamuna akanenepa, ena ati walemera, ena ati wakhwima, ena ati ndi waulesi ndi wosusuka. Mkazi akanenepa atangokwatiwa, ati mwamuna ali kumsunga bwino. Mkazi yemweyo akapita kutauni amseka kuti wadzitaya. Akaonda, ati banja lamkanika. Ndipo kuyambira 1985, pamene nthenda ya Edzi inapezeka koyamba m'Malawi, kuonda kunasanduka chiweruzo choopsa: anthu ananong'onezana za kaliwondewonde, naika m'manda ndi pakamwa anthu amene ali moyo kufikira lero.

Taonani, mboni imene inena zina kumudzi ndi zina kutauni, zina chaka chino ndi zina chaka chamawa, kodi mfumu yanzeru ingailandire pabwalo? Thupi silinena kanthu. Ndife amene tiika mawu athu m'kamwa mwake.

Zonenepetsa munthu nzambiri. Ena ndi kumtundu kwawo: ana awiri adyera m'mbale imodzi, wina nakula thupi, wina nakhala wochepa. Ena chithokomiro chawo chagwira ntchito mofooka. Ena thupi linasintha ndi uchembere, ena ndi mankhwala amene alandira kuchipatala. Ena sananenepe konse, koma atupa chifukwa mtima kapena impso zadwala. Ndipo mwana wosowa zakudya zomanga thupi atupa masaya ndi miyendo, osadziwa namuyamikira kuti ali ndi thanzi. Zoondetsanso nzambiri: chifuwa chachikulu, nthenda ya shuga, njoka za m'mimba, chisoni cha maliro, ntchito yowawa, ndi njala imene mwini wake achita manyazi kuiulula. Makolo anati, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndiko kunena kuti diso liona khungu lokha.

Malembo atichenjeza pa ichi kawirikawiri. Yobu, pa mutu 16, adandaula kuti kuonda kwake kunasanduka mboni yomtsutsa. Abwenzi ake anaona thupi lake, natsimikiza kuti anachimwa mobisa, koma pamapeto Mulungu anakwiyira abwenziwo, si Yobu. Samueli, atatumidwa kunyumba ya Yese kukadzoza mfumu, anakopeka ndi msinkhu wa Eliyabu, ndipo Yehova anamletsa, namphunzitsa kuti Iye ayesa mtima. Ndipo werengani Mateyu 11, muone m'mene anthu a masiku aja anaweruzira Yohane Mbatizi ndi Ambuye wathu. Yohane anadzikana chakudya, ndipo anamnenera kuti ali ndi chiwanda. Yesu anadya pamodzi ndi anthu, ndipo anamnenera kususuka. Zitonzo zonse ziwiri zimene tiri kukamba pano, cha mutu ndi cha mimba, zinagwera anthu awiri oyera amenewa. Pa Marko 3 timva kuti ngakhale abale ake a Yesu anadza kudzamgwira, poyesa kuti wazungulira mutu. Ndipo kazembe Festo ananena chomwecho kwa Paulo. Wotchedwa wamisala lero ayenda m'njira imene Mbuye wake anayendamo.

IV. Pamene akatundu awiriwa akumana pamutu umodzi

Wina angafunse chifukwa chake taika nthenda ya maganizo ndi kukula kwa thupi m'nkhani imodzi. Chifukwa chake ndi ichi, ndipo ambiri sachidziwa.

M'chaka cha 1952 madokotala a ku Paris anayamba kupatsa odwala misala mankhwala otchedwa chlorpromazine, ndipo anthu ambiri amene anayesedwa otayika anakhala pansi, nabwerera kwawo. Kuyambira pamenepo apezeka mankhwala ena a mtundu womwewo. Ndi mphatso yaikulu ya Mulungu. Koma ambiri a mankhwala awa ali ndi katundu wake: awonjezera njala, agonetsa tulo tambiri, alemeretsa thupi, ndipo anenepetsa munthu ngakhale asadye mopambanitsa.

Tiyerekeze tsono mnyamata amene anadwala, abale ake nanka naye kuchipatala, nabwera ali bwino. Amwa mankhwala ake madzulo alionse mokhulupirika. Ipita miyezi 6, malaya ayamba kumthina. Adzuka mochedwa, dzuwa litakwera, ndipo kumunda atopa msanga. Pamenepo mudzi uyamba: taonani, angodya ndi kugona, anzake ali kulima, iye ali kufufuma ngati nkhumba ya m'khola. Atsikana amseka panjira. Mnyamatayo adziwa chimene chamnenepetsa. Aganiza mumtima mwake kuti, ndikamwa anditcha waulesi, ndikaleka kapena ndidzakhala monga anzanga. Aleka. Masabata oyamba thupi lipepuka, ndipo akondwa. Koma posakhalitsa tulo tithawa, mawu aja abwerera, ndipo tsiku lina apezeka ali kuyenda pamsewu wopanda malaya. Ndipo omwe aja anamseka apukusa mitu, nati tinanena ife kuti misala sichira.

Abale, ndani anamdwalitsa kachiwiri? Mulungu anampatsa njira yotulukira, ndipo ife tinaima panjirapo ndi kuseka kwathu. Pamene Kaini anafunsidwa za mbale wake anakana kuti sali mlonda wake. Ifenso tidzati tinangoseka. Koma lamulo lakuti tisaphe silinena za nkhwangwa yokha, ndipo pa Mateyu 5 Ambuye aika wotcha mbale wake chitsiru pafupi ndi wakupha.

Njira iyi iyendanso chobwerera. Munthu wosekedwa chifukwa cha thupi lake aleka kupita pagulu, akhala yekha m'nyumba, ndipo kusungulumwa kubala nthenda ya kuvutika maganizo. Ena afuna chitonthozo m'chakudya, nanenepa koposa. Atsikana ena adzimana chakudya kufikira kudwala; ena, poopa kutchedwa odwala, agula pamsika mankhwala onenepetsa osauzidwa ndi dokotala, nawononga matupi awo. Chitonzo cha mutu chibala nthenda ya thupi, ndi chitonzo cha thupi chibala nthenda ya mutu.

V. Mayankho kwa ofunsa

Si bwino kubisa kuti anthu oona mtima ali ndi mafunso pa nkhani iyi. Tiyeni tiwamve.

Woyamba ati: Kodi kususuka si tchimo, ndipo kunenepa sikupha? Inde, kususuka ndi tchimo, ndipo Miyambo ichenjeza za ilo. Koma tchimo limeneli likhala mumtima, si m'chiuno. Alipo osusuka oonda amene amaliza ndiwo za ana, ndipo alipo onenepa amene adya pang'ono nagawira alendo. Ndi zoonanso kuti kunenepa kopitirira kuitana nthenda ya shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kuwawa kwa mawondo. Bungwe lija linapeza kuti m'chaka cha 2022 munthu mmodzi mwa 8 pa dziko lapansi anali wonenepa kufikira pa muyeso woopsa. Chikondi sichibisa ichi. Koma chikondi chilankhula pambali, awiriwiri, ndipo chifunsa chisanalangize. Chiti, tiyeni tikayezetse magazi, ndidzakuperekezani. Tichepetse shuga ndi mafuta m'nyumba muno tonsefe. Kuseka sikunaondetse munthu ndi kale lonse. Kungomthamangitsa kusikelo ya kuchipatala.

Wachiwiri ati: Ambiri apenga ndi chamba ndi kachasu; anadzifunira okha. Ndi zoona kuti chamba ndi mowa zisokoneza mitu ya anyamata ambiri, ndipo mpingo usaleke kuchenjeza. Koma ambiri odwala sanasutepo ndi kamodzi komwe. Ndipo ngakhale iye amene anasuta, kodi timtaye? Mwana akagwa mumtengo pakuba mango, tiyamba tamanga mkono wothyokawo, mwambo ubwera pambuyo. Pa Yohane 9 ophunzira anafuna kudziwa wochimwa, Ambuye anafuna kuchiritsa wakhunguyo. Ndiponso tichenjere ndi miseche ija yakuti bambo wake anampereka kuti chigayo chiyende. Mawu otere awonjezera chisoni pa nyumba imene yalira kale, ndipo ali umboni wonama.

Wachitatu ati: Kodi si ziwanda? Nanga mankhwala achitanji pa chiwanda? Taonani kuti Mateyu yemwe, pa mutu 4, powerenga anthu amene anadza nawo kwa Yesu, asiyanitsa ogwidwa ndi ziwanda, akhunyu ndi amanjenje. Sawaika onse m'dengu limodzi. Pemphero ndi mankhwala si adani. Yesaya anauza anthu aike nkhuyu pachithupsa cha mfumu Hezekiya. Msamariya anathira mafuta ndi vinyo pamabala. Luka anali sing'anga. Pamene Eliya anathawira kuchipululu, nakhala pansi pa mtengo, napempha imfa, Mulungu sanamdzudzule kuti alibe chikhulupiriro. Anampatsa tulo, mkate ndi madzi kawiri konse, ndipo pambuyo pake analankhula naye. Chifukwa chake wouza wodwala kuti ataye mankhwala poonetsa chikhulupiriro ali kuyesa Mulungu, ndipo achita ichi ndi moyo wa mwini wake. Tipemphere naye, ndipo titatha kunena Amen timpatse madzi omwera mankhwala.

Ndiponso nthenda iyi siisankha osapembedza. William Cowper wa ku England, amene nyimbo zake ziimbidwa m'mipingo ya maiko ambiri, anagwidwa ndi nthenda ya maganizo m'chaka cha 1763, nasungidwa m'nyumba ya odwala ku St Albans. Nthendayo inabweranso mu 1773, ndipo mbusa John Newton ndi mkazi wake anamsunga m'nyumba mwawo koposa chaka. Buku la nyimbo la amuna awiriwa linatuluka mu 1779. Newton akanati uyu ndi wamisala, asakhudze za Mulungu, mpingo ukanataya chuma chachikulu.

Wachinayi ati: Koma anthu awa ngoopsa. Alipo owerengeka amene, nthenda ikafika pachimake, angathe kudzipweteka kapena kupweteka ena. Pamenepo abale afulumire kunka nawo kuchipatala, mofatsa ndi mosanyoza. Koma ochuluka sapweteka munthu. Iwo ndiwo amenyedwa, aberedwa, aponyedwa miyala ndi ana, ndipo akazi odwala achitidwa zamanyazi ndi amuna amene mudzi uwayesa a nzeru zawo. Tikawerenga bwino, woyenera kuopa ndi wodwalayo.

Wachisanu ati: Nanga pa ukwati, tibise? Iyayi. Ofuna kukwatirana auzane zoona, ankhoswe adziwe, ndipo ngati nkutheka apite onse awiri kukamva kwa dokotala. Ambiri odwala maganizo amene asamala mankhwala awo asunga mabanja bwino. Koma dziwani kuti chobisitsa anthu ndi chitonzo chathu chomwe. Tikafuna choonadi, tiyambe taleka kulanga onena zoona.

VI. Za iwo amene anatsegula maunyolo

Si ife tokha amene tinalakwira odwala otere. Ku Ulaya kale anawamanga ndi unyolo, nawakwapula, poyesa kuti mkwapulo ubweza nzeru. M'mudzi wa Granada, ku Spain, munali munthu wobadwira ku Portugal mu 1495, amene atamva ulaliki wina anasokonezeka, natsekeredwa m'chipatala pamodzi ndi amisala, nalawa yekha unyolo ndi mkwapulo. Atatuluka sanabise kumene anachokera. Anayamba kutola odwala ndi aumphawi m'misewu, nawasambitsa, nawagoneka pabwino, kufikira imfa yake mu 1550. Ndiye amene adziwika ndi dzina lakuti St John of God. Ndipo abale a chipani chake anafika ku Mzuzu mu 1993, nayamba ntchito yosamala odwala maganizo. Taonani, thandizo limene Amalawi ambiri alandira linaphuka mwa munthu amene anzake anamtcha wamisala.

Ku York, m'dziko la England, mkazi wamasiye dzina lake Hannah Mills anafera m'nyumba ya amisala mu 1790, abwenzi ake a mumpingo atakanizidwa kumuona. Imfa iyi inasautsa William Tuke, wogulitsa tiyi, wa mpingo wa Quaker. Ndipo mu 1796 anatsegula nyumba yotchedwa The Retreat, m'mene odwala sanamangidwe unyolo, koma anavala bwino, nagwira ntchito m'munda, nadyera pagome monga a pabanja. Kunalibe mankhwala amphamvu masiku amenewo, koma ambiri anapeza bwino. Pakuti ulemu wokha uli ndi mphamvu yochiritsa.

Kwathu kuno, malo oyamba osungira odwala misala anatsegulidwa ku Zomba mu 1910, ndipo anali mbali ya ndende yaikulu, oyang'anira ake nakhala alonda a ndende. Chipatala chenicheni cha Zomba Mental Hospital chinatsegulidwa mu 1953. Kapena ndi chifukwa cha chiyambi chimenechi kuti kufikira lero ambiri ayesa wopita ku Zomba ngati wandende, osati wodwala. Kumidzi nako anthu anaika odwala m'goli, kapena kuwamangirira kumtengo. Goli la mtengo likutha, ndipo tiyamika Mulungu. Koma goli la pakamwa likadalipo, ndipo ndi ife okha amene tingalichotse.

VII. Tichitenji tsono?

Choyamba, tibweze maina. Munthu aitanidwe ndi dzina lake ndi mfunda wake. Tinene kuti a Phiri ali kudwala, monga tinenera za malungo. Makolo ndi aphunzitsi aletse ana kutchana maina a thupi ndi kuthamangira odwala pamsewu. Pakuti mwana aseka chimene anaona akulu ali kuseka.

Chachiwiri, tisunge chinsinsi. Mbale akaulula nthenda yake kwa mkulu wa mpingo kapena kwa amayi a chigwirizano, mawuwo asafike pachitsime. Ngakhale popempherera munthu pagulu, tiyambe tampempha chilolezo. Pakuti ilipo miseche ina imene ivala malaya a pemphero.

Chachitatu, tileke kupereka moni wa thupi. Mawu akuti mwanenepatu, kapena mwaonda bwanji, atuluka mosavuta, koma sitidziwa pamene agwera. Kufunsa kuti mwadzuka bwanji nkokwanira. Ndipo wofunsa adikire yankho.

Chachinayi, tiyende nawo. Tinyamula phala kunka nalo kwa wodwala malungo; tinyamulenso kunka kwa wodwala maganizo. Tsiku lokatenga mankhwala likafika, wina amperekeze, ndipo ngati ndalama ya ulendo yasowa, mpingo uthandize. Mankhwala akamnenepetsa kapena kumfooketsa, asaleke yekha. Abwerere kwa dokotala, amene angathe kuchepetsa kapena kusintha, ndi kumuyeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Ndipo munthu akanena mawu ofuna kudzichotsera moyo, tisaseke, tisamdzudzule, tisamsiye yekha. Timvere, ndipo tipite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Chachisanu, tiwabwezere ntchito. Wochira aimbenso m'kwaya, awerengenso Mawu, alandire Mgonero pamodzi ndi anzake, ndipo mawu ake amveke pabwalo. Kumbukirani munthu uja wa ku dziko la Agerasa, pa Marko 5, amene anakhala kumanda, womangidwa kawirikawiri ndi unyolo. Atachira, anthu a m'mudzi anampeza atakhala pansi, wovala, wa nzeru zake. Ndipo m'malo mokondwera anachita mantha, napempha Yesu achoke. Munthuyo anafuna kutsagana ndi Yesu, kapena podziwa m'mene kwawo adzamuyang'anira. Koma Ambuye anambweza kwa abale ake, nampatsa ntchito ya umboni, ndipo iye analalikira m'midzi ya Dekapoli. Amene mudzi unamtaya, Khristu anamuyesa woyenera kutumidwa.

Makolo athu anasiya mwambi wakuti wamisala anaona nkhondo: iye amene onse anamnyoza ndiye anaona adani ali kudza, ndipo osamvera anaphedwa. Anatinso, lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Palibe mmodzi wa ife adziwa chimene chidzagwera mutu wake kapena thupi lake chaka chamawa. Maliro amodzi, ngozi imodzi, nthenda imodzi, zingathe kutiika pamalo pomwe pali iye amene timseka lero. Ndipo tsiku limenelo tidzafuna mudzi wachifundo. Mudzi umenewo tiumange tsopano.

Ndipo kwa inu, mbale kapena mlongo amene muwerenga mawu awa muli ndi kabuku ka kuchipatala kobisika pansi pa mphasa, kapena mwaleka kubwera kumapemphero poopa maso a anthu, tinena ichi: munalengedwa m'chifanizo cha Mulungu, ndipo chifanizo chimenecho sichiyesedwa pasikelo, ndiponso nthenda siichifafaniza. Imwani mankhwala anu osachita manyazi. Malo anu m'nyumba ya Atate alipobe, ndipo dzina limene lidziwika kumwamba ndi lomwe lija linatchulidwa pa ubatizo wanu.

Ambuye atipatse ife tonse pakamwa posunga abale athu, ndi mtima woyesa monga Iye ayesera. Mtendere ukhale nanu nonse.